Ampulifaya ya Malume

Mmisiri amene anthu ankangomutcha Mawaya anatseka shopu yake mochedwa, mabasi atasiya kale kuyenda. Chinamuchedwetsa chinali ampulifaya ya malume ake, chibokosi chakale chokuzira mawu a gitala, cha timababu totchedwa mavalavu, cholemera ngati thumba la simenti. Anali atasintha mavalavu, kuwotcherera mawaya othothoka ndi kusesa zitosi za makoswe. Kakonono kolamula moto wolowa m'mavalavu, kaja amisiri amati bayasi, anakakhazika pomwe mita inanena. Koma dzulo lake malume atayesa gitala anangopukusa mutu.

"Ikulira, mphwanga, koma si iyi."

Malumewo ndiwo anamulera, ndipo pa unyamata wawo ankaimba gitala m'bandi yomwe inkachezetsa anthu usiku wonse. Tsopano anali chigonere, achipatala atawabweza kunyumba. Sankapempha china koma kumvanso liwu lakale la ampulifayayo. Mawaya, amene ankadzitama kuti angalankhulitse ngakhale wailesi yogwera m'chitsime, anabwerera nayo kushopu, nalimbana nayo tsiku lonse osaphula kanthu. Zinamuwawa kwabasi. Anaisenza paphewa nauyamba ulendo, akuopa kuti mwina sakawapeza ali moyo.

Njira yachidule inkadutsa pa holo yakale ya dansi, momwe bandi ya malume inkaimba. Denga linali litagwa, m'mazenera mutamera udzu. Ali mwana ankaponda pa njerwa kuseri kwa holoyo n'kumasuzumira pa zenera timoto tofiira ta mavalavu, fungo la fumbi lotentha likumufika m'mphuno. Mkatimo anthu ankavina mpaka nsapato kuthothoka zidendene. Anaima kuti apume, ndipo masiku ajawo anawasowa kwambiri.

"Tigwirizane, amisiri."

Mawaya anacheuka. Pamasitepe panaima bambo wowonda, wa jekete la kolala yaikulu, dzanja limodzi lili m'thumba. Mmisiriyo asanayankhe, bamboyo anali atagwira kale mbali ina ya ampulifaya. Kulemera konse kunatha.

Anayenda. Koma nsapato zinkamveka za munthu mmodzi.

"Mwaizizitsa, moto mwauchepetsa," anatero bamboyo. "Iyi simva za mita. Zimitsani nyali, muzipotoza kakonono pang'onopang'ono. Chitsulo cha m'valavu chikangoti chiyambe kufiira, bwezani pang'ono. Pamenepo ndiye imaimba. Ndipo dzanja lina lizikhala m'thumba, amisiri. Imasunga moto iyi, ngakhale mutazula pulagi."

Mawaya anafuna kufunsa kuti waidziwa bwanji, koma anamva kufunda m'zikhatho. Thabwa la ampulifayayo linkatentha! Anayang'ana chingwe. Chinali chokulunga bwinobwino, pulagi ikulendewera.

Mmmmm...

Sipika inayamba kung'ung'udza. Kuseri, mavalavu anayaka ngati makala. Ndipo m'holo yopanda denga ija wina anagogoda ng'oma, mofatsa, ngati woyesa zida.

"Mukawauze a gitala kuti bandi yakwana," anatero bamboyo. "Ife tatchuna kale."

Kulemera kunabwerera mwadzidzidzi, Mawaya n'kugwada nako pansi. Anacheuka uku... anacheuka uko... Bambo uja zii! Kuthawa ankafuna ndithu, koma ndani angathamange ndi chikatundu chotere? Kuchitaya sakanatha. Anachikumbatira nadzandira nacho mpaka kwawo, osayang'ananso m'mbuyo.

Anapeza malume ali maso, gitala ili pambali pawo. Anatsegula kuseri kwa ampulifaya, nailumikiza, nazimitsa nyali. Dzanja lina m'thumba, anapotoza kakonono mpaka chitsulo chinayamba kufiira, nabweza pang'ono. Chipinda chinadzaza fungo lija la fumbi lotentha.

Zala za malume zinali zitatsala mafupa, koma zitakhudza nsambo panatuluka liwu lonenepa, lokhala ngati lasasa pang'ono, lomwe lija la pa zenera.

"Ndi iyi!" Misozi inatsikira m'makutu mwawo. "Ndi iyi, mphwanga! Wakuuza ndani zozimitsa nyali? Zimenezi si za ana a mita inu."

"Bambo wina pa holo paja, malume. Wowonda, wa jekete la kolala yaikulu. Akutinso ndikuuzeni kuti bandi yakwana, iwo atchuna kale."

Sipika inkang'ung'udzabe. Malume anaseka chapansipansi, chifuwa n'kuwatsamwitsa.

"Ameneyo ndi Fyuzi, wokonza zida wathu. Phuma lake silinathe eti! Ampulifaya yomweyi inamumenya moto kuseri kwa siteji pa dansi yathu yomaliza, iwe ndevu zisanamere. Maliro ake ndinanyamula nawo ine. Wa ng'oma anatsatira, kenako woimba, wa gitala ya besi chaka chathachi. Ndinatsala ndekha."

Mawaya anatambasula dzanja kuti azule pulagi, koma malume anamuletsa.

"Isiye iyake, mphwanga. Andidikira zaka zonsezi, sangalephere kudikira nyimbo imodzi. Khala apa, ino ndikuimbira iweyo."