Chuku M'munda wa Malemu

Madzulo ena mkazi wa bambo wina wotchedwa Wamalalanje ankasankha zipatso m'chipinda chosungiramo zokolola. Atanyamula lalanje limodzi, chala chake chinalowa mkati ngati m'matope. Kunsi kwake kunali chuku chobiriwira, ndipo chinali chitagwira dengu lonse.

Munda wa malalanjewo poyamba unali wa mkulu wake wa Wamalalanje, amene anafa mwadzidzidzi atamwa tiyi kunyumba kwa mng'ono wakeyo. Misozi isanaume, Wamalalanje anathamangitsa mkazi wa malemuyo n'kutenga mitengo yonse. Amayi awo okalamba ankagona m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya Wamalalanjeyo.

Matendawo ankayambira mumtengo, ngati timadontho takuda pakhungu la chipatso. Anapopera mankhwala, anatentha nthambi, anatsuka madengu. Koma zothyola lero, pofika mkuja zinali zitasanduka madzi. Fungo lotsekemera moipa linalowa m'zovala ndi m'mabulangete. Oyandikana nawo ankanong'onezana kuti dzuwa likangolowa amamva munthu akukwekweresa mapazi pakati pa mitengo, akusisita makungwa.

Wantchito wothyola zipatso anafa akutsokomola fumbi lobiriwira. Mnzake anachoka osatsanzika. Kenako timadontho tija tinaoneka pakhosi pa Wamalalanje.

"Ndi mlamu ndinamuthamangitsa uja ameneyu," anatero Wamalalanje.

"Uja ali kutali," anayankha mkazi wake. "Koma mapaziwa ndi a pompano."

Thupi la bamboyo linayamba kufewa. Ukamugwira pamkono, chala chinkasiya dzenje losabwerera. Tsiku limene analephera kudzuka, mkaziyo anamvanso mapazi aja chisisira chikugwa, ndipo anawalondola.

Pansi pa mtengo wakumapeto anapeza apongozi ake atagwada. Pansalu pawo panali dothi lofiira lakumanda. Ankalithira malovu n'kulimata m'ming'alu ya khungwa, uku akutchula dzina la mwana wawo wodwalayo.

"Amayi, mukupha mwana wanu?"

Sanatembenuke. "Amene anathiriridwa chiphe m'tiyi uja analinso mwana wanga. Botolo la chiphecho ndinalipeza ine pochapa malaya a mwamuna wakoyo."

"Mukhululukireni, ndakugwirani mwendo."

"Mkulu wake akuwola pang'onopang'ono pansi paja. Nayenso awole choncho, koma ali maso."

Anapukuta manja, nadzuka movutikira atagwirira tsinde.

"Pita ukamutembenuze, mpongozi. Mbali imene wagonerayo yayamba kale kudontha."