Chotsani Seveni, Atate

Madzulo a Lachinayi, Vivian Daka anatsika basi pa Nyimba atanyamula chikwama chakuda. Munali laputopu ndi chipewa cha timawaya tambirimbiri, makina amene ankayezera ubongo wa odwala khunyu kuchipatala kumene ankagwira ntchito ku Petauke. Anawabwereka osauza mwini, kumene ena amati kuba.

Bambo ake, a Josphat Daka, mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito, anali atagona milungu itatu chigwereni ndi sitiroko. Sankalankhula, sankatsegula maso. Vivian anali asanaponde pakhomopo zaka zinayi, chiwanyozereni pamaso pa anthu pamaliro a mayi ake. Anabwera kudzapepesa. Koma ankafuna adziwe kaye ngati akumva.

"Asisi, vamawaya ivi ni vachani?" anafunsa Titus, mlongo wake, amene ankadwazika matendawo. "Kambani nawo chabe."

Vivian anatsegula chikwama chija. Magetsi anali atazima, choncho anayatsa kandulo n'kuwaveka bambo ake chipewa chija. Mizere inayamba kuyenda pa laputopu, mafunde aakulu, odekha. Umu ndi mmene umakhalira ubongo wa munthu amene watsinzina osaganiza kanthu. Akayamba kuwerengera m'mutu, mafundewo amafupika n'kuthinana. Vivian anali ataziona kwa odwala ambirimbiri.

Anawerama pakhutu pawo.

"Atate, ndine Vivian. Pa 100 chotsani seveni."

Mafunde aja anafupika. Anathinana kwakanthawi, kenaka anamasukanso.

Vivian anayang'anitsitsa mizereyo. Bambo ake analimo. Ankamva. Apa ndi pamene Vivian akanati pepani, koma mawu ochepawo anamulemera pakamwa. Mwana wa a Daka ndithu, khosi louma ngati bambo ake.

"Pa 93 chotsaninso seveni."

Anafupikanso. Anamasukanso.

Anapitiriza choncho, akudzilonjeza kuti funso lotsatiralo ndi lomaliza. 86. 79. 72. Kandulo inatsika mpaka pakati. Agalu a kumsewu anauwa n'kutopa. Atafika pa 9, Titus anagwira dzanja la bambo ake kuti alibweze m'bulangete. Analisiya msanga.

"Asisi," ananong'ona, "atate azizila. Azizila kale maningi."

Vivian anawagwira pakhosi. Zii. Nsagwada zinali zitayamba kuuma. Anayang'ana pa laputopu. Mizere inali ikuyendabe, yaifupi, yothinana, ya munthu amene akudikira funso. Anatseka laputopuyo.

Anawaika m'manda Lamlungu. Usiku womwewo Vivian anagona yekha m'chipinda cha malemu, pamphasa. Tulo tisanabwere anamva kugogoda pachitseko. Pang'onopang'ono, mosathamanga, mmene a Daka ankagogodera bolodi ndi choko podikira yankho. Anawerenga. Kasanu ndi kanayi.

Anatsegula. Panalibe munthu.

Lolemba chimodzimodzi. Lachiwiri chimodzimodzi. Titus, amene ankagona pabalaza pomwepo, sanamve kanthu. Vivian atamuuza, Titus anamuyang'ana mwachisoni.

"Mwaiwala? Atate sanali kulola munthu kuyenda kunyumba asanasilize samu."

Lachitatu Vivian anadikira ataima kuseri kwa chitseko. Kugogoda kutatha, anapereka funso lotsala lija.

"Atate. Pa naini chotsani seveni."

Anatchera khutu pachitseko. Kenaka, go. Go.

Kawiri. Vivian anakhala pansi n'kulira, kulira kumene sanalire kumanda. Samu yatha, anadziuza. Pa 2 sungachotse seveni, ngakhale mwana wa giredi 1 amadziwa. Analongeza chikwama kuti mawa lake madzulo abwerere ku Petauke, koma basi inamusiya, ndipo anagonanso pamphasa pomwe paja.

Pakati pausiku kugogoda kunabweranso. Osati pachitseko. Kunachokera pansi pa simenti, pansi penipeni pa mutu wake. Kasanu.

Ndipamene anakumbukira mawu amene bambo ake ankakonda kuuza ana a sekondale: pansi pa ziro palinso manambala, ndipo satha.

Anansi amene anamva nkhaniyi amanong'ona kuti a Daka sakudikira masamu. Vivian akudziwa zimenezo kuposa iwo. Usiku umenewo anagwada, anaika pakamwa pafupi ndi simenti yozizira, n'kunena mawu amene anawanyamula kuchokera ku Petauke.

"Atate, pepani. Nikhululukileni."

Anadikira mpaka tambala analira. Pansi panali zii. Makina anali m'chikwama pambali pake, koma panalibenso mutu woti auveke chipewa kuti aone ngati amva.