Tsiku Limene Lorna Analowa Osadziwitsa

Desmond anabwera kudzaona nyumba ya lendi Loweruka m'mawa. Nyumbayo inali ya Lorna, yomusiyira malemu bambo ake ku Toledo, m'chigawo cha Ohio ku America. Iye ankakhala pansi, pamwamba n'kumachititsa lendi.

"Nyumbayi ndaikonda," anatero Desmond akusaina, "koma landilodi wake ndiye wandisokoneza mutu."

Lorna anangoti mwee! Pasanathe miyezi iwiri, mwana wa eni anali atagwa m'chikondi.

Mameseji a Desmond ankangogwa ngati mvula. "Dzuwa langa, tikakwatirana masitepewa adzakhala a nyumba imodzi."

Koma panali kanthu kamodzi. Lorna akafuna kukwera pamwamba, Desmond ankamutsekereza uku akuseka.

"Ayi bebi, lamulo la Ohio likuti landilodi adziwitse kutatsala maola 24. Ndimakukonda, koma lamulo ndi lamulo!"

Ndiye Lorna ankalemba kuti, "Ndibwera mawa 5 koloko." Akafika ankapeza m'nyumba muli mbee, patebulo pali chithunzi cha awiriwo atakumbatirana. Komabe mtima sunkakhala m'malo. Chibwenzi chanji chopangana maola ngati kuchipatala? Nanga Lamlungu lililonse, Lorna akakhala kuntchito, pamwambapo pankachitika zotani?

M'mwezi wa Januwale kunazizira koopsa. Masana ena Lorna anaona madzi akudontha kudenga. Paipi yaphulika! Anaimba foni katatu, Desmond osayankha. Pakagwa ngozi lamulo lomwelo limalola kulowa osadziwitsa, choncho anaimbira okonza mapaipi, kenako anatenga kiyi n'kuthamanga.

Anatsegula chitseko n'kulowa. Patebulo paja panali chithunzi chaukwati: Desmond m'suti, pambali pake mkazi wovala velo. Pakona panali kabedi ka mwana.

Madzi ankangothamanga. Anagwada kuti atseke paipi pansi pa sinki, ndipo m'menemo, kuseri kwa mabotolo a sopo, anapeza chithunzi chawo chija chitanyowa chonse. Kani maola 24 aja anali osinthira zithunzi!

Analira ndithu, atakhala m'madzimo. Kenako anadzuka, analemba kalata n'kuisiya patebulo, ndipo posakhalitsa foni inalira.

"Ndaona galimoto ya okonza mapaipi panja. Walowa m'nyumba mwanga osandidziwitsa?"

Lorna anapukuta misozi.

"Ndalowa, Bambo Desmond. Koma ulendo uno ndikukudziwitsani mwalamulo, poti mumalikonda: muli ndi masiku 30 oti musamuke. Kalata ili patebulo, pafupi ndi akazi anu."