Mnzathu Wina

Tsiku loyamba la msonkhanowo linatha bwinobwino. Unali msonkhano wa anthu osamala mbiri ya makampani, pahotela ina ku Ndola. Ine ntchito yanga inali ya pakhomo, kupereka timakhadi ta mayina toti alendo azikoleka m'khosi.

Masana mphunzitsi wochokera ku Joni anatiuza kuti, “Pakagwa ngozi, dzina musatchule. Dzina lili ndi nkhope, nkhope ili ndi ana. Muzingoti mnzathu wina.” Anthu anawomba m'manja.

Abwana anga, Ba Kapembwa, anandikodola. Kampani yathu ya mgodi inali itasankhidwa kuti m'mawa mwake isonyeze mmene inaziziritsira nkhani ya munthu amene dothi linamugumukira pansi m'dzinja lapitalo.

“Bana Lubuto, uthenga wathu wachipepeso uja mukawerenga ndinu. Mawu anu ndi ofewa, mutati mbuzi ndi nkhuku anthu angavomere.” Anaseka. “Koma osathira mchere wanuwanu. Paja ntchito yanu sitinaisindikize.”

Ndinali ndikadali woyeserera pantchitopo, ndipo mwana wanga Lubuto anali kusekondale. Ndinangoti, “Chabwino, abwana.”

Madzulo anthu onse anapita kukadya. Mayi wina wa kukhitchini, Bana Chomba, anandibweretsera tiyi ndi chitumbuwa ndisanapemphe. Ndinatsala ndekha m'holo ndikusonkhanitsa timakhadi. Kenaka magetsi anathima. Injini yamagetsi ya hotela sinalire.

Timakhadi tinandipulumuka n'kumwazika pansi. Ndili mkati mofufuza mumdimamo, kuwala kunagwera pamanja panga.

“Tolani mayo, ndikuunikirani.”

Pambali panga panali bambo, nyali ili pachisoti. Nkhope sindinaione, kuwala kunandithobwa m'maso. Ndinayesa wokonza magetsi. Anandiunikira kunsi kwa tebulo, kuseri kwa mipando, mpaka kakhadi komaliza. Sanandifulumizitse. Koma fungolo. Fungo la dothi lonyowa la pansi penipeni, lija bambo anga ankabwera nalo kunyumba pochokera kumgodi ku Luanshya.

“Langa lilipo?” anafunsa.

“Dzina ndani, tata?”

“Kuofesi kwanu amati mnzathu wina.”

Pamene bamboyo anaimapo panali kudontha madzi. Tho. Tho. Pamenepo n'kuti mvula itasiya kalekale.

“Musaope mayo. Ndinu mwana wa mumgodi, mwambo mukuudziwa. Potsika, munthu amatenga kachitsulo ka nambala yake. Akatuluka amakabweza, woitana mayina n'kutchula dzina lake, basi watuluka. Ine palibe wanditchula. Ndiye ndituluke bwanji?”

Anaika kanthu patebulo. Ngwe.

“Kalaba Mpundu. Si lovuta kutchula.”

Magetsi anayaka. M'holo munalibe munthu. Patebulo panali kachitsulo kamkuwa, kozizira, kamatope.

M'mawa holo inadzaza ndi masuti ndi mafuta onunkhira. Ndinaima kutsogolo, kachitsulo kaja nditakafumbata. Ndinawerenga mofatsa monga anandiphunzitsira. Ndinafika pamawu aja oti mnzathu wina. Ndinaganiza za Lubuto ndi nsapato zake zakusukulu. Ndinaganizanso za munthu amene anandiunikira osandifulumizitsa.

“Ndife achisoni ndi imfa ya Ba Kalaba Mpundu.”

Mphunzitsi wa ku Joni anavula magalasi. Ba Kapembwa anangoyang'ana pansi. Nditatambasula dzanja, kachitsulo kaja panalibe. Matope okha.

Panthawi ya tiyi Ba Kapembwa anandipeza pakhonde.

“Mayi inu, mwatiphika tili moyo. Dzinalo mwalitenga kuti? Ngakhale ineyo akuluakulu a kampani sanandiuze.” Kenaka anawonjezera kuti, “Lolemba musabwere. Tidzakuitanani.”

Ndinawathokoza, chifukwa sanandikalipire pagulu.

Kutada, ndikulongedza zovala m'chipinda changa pahotelapo, magetsi anathimanso. Wina anagogoda. Anali Bana Chomba, kandulo ili m'manja, chitenje chili pakamwa.

“Mnzanga, kugeti kuli anthu. Akuti akufuna mayi wotchula mayina. Mlonda wathawa, wasiya ndi chipewa chomwe.”

Ndinakankha katani pang'ono. Kunja kunali bii. Koma kugetiko kunali nyali, zitandandalika pamzere, iliyonse pamsinkhu wa chipumi cha munthu. Sizinkakankhana. Zinkangodikira mwaulemu, monga amachitira anthu a mumgodi pothera ntchito.

Uthenga umene ndinawerenga uja unkati womwalira anali mmodzi yekha.