Muvi wa Bambo Cosme pa Chitsime Chathu

Sukulu ndinasiyira panjira, koma zimene ndaona ndi maso sindiwonjezera. Mayi Esha, oyandikana nawo nyumba, analipo. Akali moyo, kawafunseni.

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, tinapeza mudzi wathu, kufupi ndi Mandimba, utasanduka thengo. Chinatsala ndi chitsime chokha. Amuna anachikapa, tinayamba kumwa. Posakhalitsa milomo ya mwana wanga Jacinta, yemwe ndinkamuphikira phala ndi madziwo, inayamba kubiriwira. Kumtsinje sitinkapita, chifukwa njira yake anali asanazule mabomba.

Kenako kunabwera bambo Cosme, tekiniko, katswiri wa madzi wa ku Cuamba. Anati m'madzimo muli nitrato, mchere wochokera ku adubu, feteleza uja, kapena ku zinthu zowola.

"Adubu wake uti, poti kuno palibe analima chiyambire nkhondo?" ndinatero.

Bambo Cosme anatunga ndowa imodzi, n'kuviikamo tizitsulo tiwiri tolumikiza ku bateriya ya galimoto ndi ku kabokosi kokhala ndi muvi woloza manambala.

"Magetsi aziphwanya mcherewo. Inu muziyang'ana muviwu. Ukamatsika ndiye kuti mchere ukutha pompano, muli kuona."

Dzuwa linali paliwombo. Pa tizitsulo panatuluka thovu, ndi kafungo ngati ka mkodzo. Anati zimatero. Muvi unkatsika bwinobwino, mtima wanga n'kumakhala pansi.

Apo mayi Esha anati, "Komatu anzanga, pobwera muja munaodira pano? Kapena munangofikira kutunga ngati pa mpope wa ku kampu?"

Tinaseka. Iwo anawerama pakamwa pa chitsime mwanthabwala.

"Odi kuno, eni ake! Tabwerako!"

Muvi unaima.

Unakwera. Unatsika. Unakweranso. Pang'onopang'ono, ngati chifuwa cha munthu wogona.

"Ndi nthambo izi," anatero bambo Cosme chapansipansi. Anazizula ku bateriya.

Thovu silinasiye. Muvi sunasiye. Njiwa zinali zitaleka kulira. Fungo la mkodzo linachoka, m'ndowamo munkatuluka fungo la fodya wosuta. Panalibe wosuta.

Mayi Esha anandigwira mkono. Dzanja lawo linali zii.

"Si tonse tinathawa," ananong'ona.

Bambo Cosme anavuula tizitsulo, n'kuphimba kabokosi ndi malaya.

"Mwanayo musamumwetse."

"Chifukwa cha mchere?"

"Musamumwetse basi, mayi."

Tsopano ndimatunga kumtsinje. Jacinta ndimasiyira mayi Esha, ine n'kumaponda momwe mwaponda mbuzi. Milomo yake yayera.

Chitsime sitinakwirire, palibe walimba mtima. Podutsa pamenepo sindiodira. Ndimaopa kuyankhidwa.