Si Thupi Lonse, Bambo

Uyu ndi Aliness. Kwawo ndi pafupi ndi nyanja ya Chilwa. Bambo ake, a Goliati, amalima mpunga kudambo.

Aliness ali ndi vuto. Penapake pakumuwawa. Lero ndi tsiku lachinayi chiyambireni kuwawa. Kusukulu sakuwamva bwino aphunzitsi.

Aliness akudziwa pomwe pakuwawa. Akufuna kunena. Koma akuluakuluwa, abale! Salola mwana kumaliza mawu.

"Bambo, pakundiwawa ndi..."

"Ndadziwa kale," atero bambo. "Thupi likukuphwanya. Imwa panado."

Aliness wamwa. Sipanasiye kuwawa.

"Azakhali, pakundiwawa ndi..."

"Ndi m'mimba umo," atero azakhali. "Wadya mango osapsa."

Azakhali amuthowa pamimba ndi madzi ofunda. Pamimba pabwinobwino! Sipanasiye kuwawa.

Aliness wakwiya. Wakwiya zedi. Thupi ndi lake. Ululu ndi wake. Nanga bwanji sakumufunsa?

Lachisanu bambo amukweza panjinga. Afika kuchipatala. Namwino wake ndi Mayi Sitima.

"Chavuta n'chiyani?" afunsa Mayi Sitima.

Bambo ayankha msangamsanga. "Thupi lonse likumuwawa, mayi."

Aliness waponda pansi mwamphamvu.

"Si thupi lonse, Bambo!"

Bambo amutong'olera maso. Kwawo mwana salowerera akulu akamalankhula.

"Musiyeni anene," atero Mayi Sitima. "Wodwala ndi iyeyu. Aliness, thupi lili ndi zigawo. Pali mutu ndi khosi. Pali thunthu. Pali mikono ndi miyendo. Ndi miyendo kodi?"

"Ayi. Miyendo ili bwino."

"Mikono?"

"Ayi."

"Nanga thunthu? Pachifuwa, pamimba, kumsana?"

"Ayi. Pamimba anandithowa chabe."

"Ndiye ndi pati?"

"Ndi kumutu."

"Kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Si kutsogolo. Si kunkhongo. Ndi m'mbali."

"Kumanja kapena kumanzere?"

"Kumanzere. Khutu ili."

"Kunja kapena mkati?"

"Mkati mwenimweni."

Mayi Sitima atenga tochi. Aunika m'khutu lakumanzere. Aunikanso.

"Khala phee, mwanawe. Usagwedeze mutu."

Aliness wakhala phee. Wagwira siketi yake zolimba. Mayi Sitima alowetsa kachitsulo pang'onopang'ono. Akoka.

Katuluka kanthu kakang'ono. Ndi njere ya mpunga. Yatupa ndithu.

"Ikanakhalitsa, khutu likanawonongeka," atero Mayi Sitima.

Bambo ayang'ana njere ija. Ayang'ananso. Ndi mpunga wa m'munda mwawo.

"Inalowa tsiku lopuntha mpunga," atero Aliness. "Ndinkafuna kukuuzani. Simunandilole."

Bambo agwetsa nkhope. Manyazi awagwira.

"Pepa, mwana wanga. Ndinalakwa."

Mayi Sitima amuthira mankhwala m'khutu. Aliness wathokoza. Koma iye sanawasekerere bambo ake. Ayi, mkwiyo sunathe.

Panja, bambo agwira njinga. Sanakwere. Agwada pafupi ndi Aliness. Anong'ona kukhutu lakumanzere.

"Ukundimva?"

"Ndikukumvani."

Aliness wawayang'ana bambo ake m'maso.

"Nanga inu, Bambo, mukundimva?"

Bambo atsamiritsa njinga pamtengo. Akhala pansi, pafumbi pomwepo.

"Nena, mwana wanga," atero bambo. "Nena mpaka umalize."