Mkazi wa mu Ampulifaya ya Kasoma

Mavavu atsopano, timababu tagalasi ta m'kati mwa ampulifaya yokuzira mawu a gitala, anafika ku Matero kuchokera ku Kitwe atakulungidwa m'chitenje, ndipo Kasoma, woimba gitala m'gulu la anyamata a m'komboni, analephera ngakhale kudya ndi chimwemwe. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene mnyamata aliyense ankalota zokhala katswiri wa gitala. Loweruka kunali mpikisano wa magulu oimba ku holo, koma ampulifaya yake yakale inali italeka kulira.

Madzulo anapita nayo kwa ba Mukuka, okonza mawailesi kumsika. Mkuluyo anazika mavavuwo, nayamba kupotoza kasikuluwu ka m'kati pang'onopang'ono, diso lili pa singano ya mita yoyezera magetsi.

"Malaiti yakachuluka, mavavu yapsa. Yakachepa, gitala ilila monga chule," anatero, akunena za mphamvu ya magetsi. "Tifuna pakati."

Kasikuluwu katapitirira pang'ono, mavavu anayamba kufiira. Pomwepo m'sipika munamveka mawu a mkazi, akuimba motsitsa ngati ali m'chipinda china. Gitala inali isanalumikizidwe n'komwe.

"Ni wailesi chabe yalowelela," ananong'ona ba Mukuka. Anabweza kasikuluwu, mawuwo n'kuzimirira. "Iwe, osakagwilako futi apa."

Koma nyimboyo inali itamulowa Kasoma m'magazi. Mawa lake kutada anatseka chitseko, napotoza yekha kasikuluwu kaja. Chipinda chinadzaza fungo la fumbi lopserera, ndipo mkazi uja anayambiranso pomwe analekezera. Kasoma anamutsatira ndi zala pa gitala, akuseka yekha. Madzulo otsatira mkaziyo anawonjezera ndime ina, mawu ake atayandikirako. Pampopi anthu anayamba kunong'onezana kuti Kasoma wabisa mkazi wa mwini m'nyumba. Anzake a m'gulu atamva nyimboyo analumpha.

"Iyi tiwina nayo, mwana!" anakuwa Chalwe, woimba ng'oma.

Loweruka holo inadzaza mpaka m'mazenera. Kasoma atangogunda nyimbo ija, anthu anachita ngati apenga, nsapato zikugunda simenti, amayi akululutira. Iye ankangomva mtima ukuuluka.

Nyimbo ili pakati, magetsi anazima Matero yense. Mdima unagwa bii. Ng'oma za Chalwe zinaleka. Kasoma anaona ndi maso ake mavavu akuzirala mpaka kudereratu.

Koma sipika sinaleke. Mkazi uja anaimba mokweza tsopano, mawu ake ozizira akuyenda pamwamba pa mitu ya anthu, ndipo iwo anapitiriza kuvina mumdimamo, akukuwa dzina la Kasoma.

Kasoma anapapasa khoma, nazula nthambo ya magetsi. Anaima nayo m'manja.

Nyimbo inadukiza. Wina anapuma mpweya pafupi ndi khutu lake.

"Ba Kasoma, musaleke kuliza gitala," anatero mkaziyo. "Nikalibe kusiliza."